Mipingo itatu, dzenje limodzi

Mpaka lero ndikamadutsa pa Golomoti ndi njinga yanga yamoto, galasi la helemeti sinditsegula. Anthu amaganiza kuti ndimaopa fumbi. Fumbi ndinalizolowera kalekale. Chimene ndimaopa ndi maso a anthu amene analipo pa maliro a amalume anga chaka chatha, ndipo analipo ochuluka zedi. Kuchuluka kwawoko ndiye nkhani yanga, chifukwa amene anawaitana ndine.

Ntchito yanga ndi ya kabaza, ndimaima pa siteji ya pa Mtakataka. Ntchito imeneyi imafuna pakamwa kuposa petulo. Munthu akatsika minibasi ndi katundu wake, pamakhala njinga khumi zomulimbirana, ndipo amakwera ya amene walankhula bwino. Ine kulankhula ndimatha. (Mkazi wanga amati ndimatha mopitirira muyeso, koma iyeyo sanaimepo pa siteji.)

Amalume a Binwelo anali mlongo wawo wa amayi anga. Anali munthu wabwino, mlimi wa mpunga ku Bwanje, woseka ndi wina aliyense. Koma pa nkhani ya tchalitchi anali ngati pasinjala wosadziwa kotsikira. Ali mwana anabatizidwa kwa Akatolika, monga tonsefe pabanja pathu, n'kupatsidwa dzina loti Benedikito limene palibe analigwiritsapo ntchito. Atakula anakwatira mkazi wa Chipulesibeteriya n'kumutsatira kutchalitchi kwake, ndipo anakhalako mpaka akulu a mpingo atatopa ndi fungo la mowa wa uchema n'kuwadula. Akazi awo atamwalira, miyendo ya amalume inayamba kutupa, ndiye anapita kwa a Ziyoni kukapemphereredwa. Anavina nawo miyezi isanu. Tsiku lina mneneri wakumeneko anawapeza ndi kapepala ka mapiritsi a kuchipatala m'thumba la mkanjo, pamene a Ziyoni akwathu mapiritsi samwa, ndipo kuvina kunathera pomwepo. Kuyambira pamenepo, Lamulungu likakwana amalume ankangokhala pakhonde n'kumamvera mapemphero pa wailesi, a mpingo uliwonse umene wamveka bwino tsiku limenelo.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija la kuchigwa kuno loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Thupi silikanatha kudikira. Achibale anagwirizana kuti mwambo ukhale mawa lake masana.

Nditangofika pamaliropo, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Maso anali atatupa, koma mawu anali omwe aja amene anandilera.

"Iwe, amalume ako alibe mpingo."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ukudziwa chiyani? Unawaona maliro a a Sande aja? Bokosi linanyamuka kuli zii, anthu akungomva mapazi awo okha mpaka kumanda. Mlongo wanga sapita choncho, wamva? Kwera njinga yakoyo, ukapeze mpingo woti umuimbire. Usabwere kuno wopanda yankho."

Amene simunakhale kumudzi mwina mungaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Kwathu maliro opanda nyimbo ndi chitonzo cha banja lonse. Anthu amaiwala kuti malemu anali wopatsa, amaiwala kuti ankathandiza pa maliro a ena, amangokumbukira kuti uja anaikidwa kuli chete. Ndipo amayi anga ndi munthu woti pa maliro a anthu ena amaimba mpaka mawu kusasa. Kuti mlongo wawo yekhayo apite popanda womuimbira, chikanawapha ndi iwo omwe. Ndinawalonjeza kuti mpingo ndiupeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Ndinayambira kwathu kwa Akatolika. (Ndikuti kwathu, koma ine ndimaonekako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka.) Akatekisiti, a Lusiyano, ndinawapeza pakhomo pawo akumata tayala la njinga yakapalasa. Anandipepesa bwinobwino, anandipatsa mpando, kenako anapukuta manja n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene yankho ali nalo kale.

"Bambo, ine pa ukatekisiti ndakhalitsa. A Benedikito pa Misa sindinawaonepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kumphakati, kumapemphero athu a m'mudzi, sakuwadziwa. Malamulo a mpingo mukuwadziwa inunso."

Ndinaona nkhope ya amayi patsogolo panga. Apa ndi pamene pakamwa panga panayamba kugwira ntchito pokha, mutu usanapereke chilolezo.

"Akatekisiti, zimenezo ndikuzidziwa, ndipo ine sindikanavutika kubwera kuno. Koma dzulo amalume anandigwira dzanja. Anati, 'Mwana wa mlongo wanga, ndipatse kolona.' Ndinawapatsa ya amayi. Anaigwira chonchi, pachifuwa. Kenako anati, 'Ndinasochera ine. Ndikapita, andiike a mpingo umene unandibatiza.' Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza."

Dzulo limene ndinkanenalo ine ndinali pa Mtakataka kututa matumba a usipa, ndipo amalume ndinali ndisanawaone kwa sabata ziwiri. Koma misozi inatuluka, yeniyeni. (Mphepo ya panjinga inali itathandizako.) A Lusiyano anavula magalasi.

"Mawu a munthu amene akumwalira ndi olemera," iwo anatero. "Ndiwaimbira foni bambo mfumu, tikambirane. Inu pitani."

Tsono ine mawu oti "tikambirane" ndimawadziwa bwino. Pasinjala akakuuza kuti "ndibweranso, ndikagule kaye madzi," dziwa kuti wakwera njinga ina. Ndinatuluka pakhomopo nditatsimikiza kuti andikana mwaulemu. Ndinaima pamsewu, ndinaganiza, ndipo ndinapeza nzeru imene nthawi imeneyo ndinaiona ngati yakuya kwambiri: ngati amalume anadutsa m'mipingo itatu, ndiye kuti ndili ndi makomo atatu ogogoda.

Mkulu wa mpingo wa Apulesibeteriya, a Chikaonda, ndinawapeza kudimba akuthirira matimati. Iwowa sanazungulire n'komwe.

"A Binwelo tinawadula chifukwa cha chakumwa, ndipo sanabwerenso kudzalapa. Munthu wodulidwa sitimuimbira."

Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba, ndipo linali lokongola. Ndinawauza kuti amalume asanatsirizike anandilozera pansi pa bedi pamene panali chigubu cha uchema, n'kundilamula kuti ndikautaye. Ndinati anapempha kuti awaimbire azimayi omwe aja amene anaimba pa maliro a akazi awo, kuti akakumane nawo atayera.

A Chikaonda anaika kheni pansi. "Anataya uchema? A Binwelo?"

"Ndinautaya ndine, ndi manja awa."

Anayang'ana manja anga ngati mwina patsala kadontho. Kenako anapukusa mutu, maso atalengeza misozi. "Mulungu ndi wamkulu. Ndikaonana ndi anzanga." Amenewanso ndinawawerenga ngati pasinjala wokagula madzi.

Kwa a Ziyoni sindinachedweko. Ndinamuuza mneneri kuti amalume analota anthu ovala mikanjo yoyera akuwazungulira ndi ng'oma, ndipo anadzuka akunena kuti amenewo ndiwo adzawaperekeze. Mneneri anatsinzina, n'kunena kuti, "Zimenezo ndinazionanso ine." Apa ndinadabwa pang'ono, chifukwa lotolo ndinali nditalipeka pamlatho mphindi zisanu zapitazo. Anamaliza ndi kunena kuti Mzimu ukalola adzabwera, ndipo ine ndinamva ngati Mzimu uli ndi zochita zina.

Ndiulule zonse, poti ndayamba kale. Pobwerera ndinakumbukira kuti amalume ali mnyamata ankapha nsomba ndi Asilamu a kunyanja, mpaka anasiya kudya nkhumba kwa zaka zingapo. Njinga ndinali nditaikhotetsa kale kulowera kumzikiti. Petulo anandithera panjira, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha petulo ameneyo.

Nditafika ndikukankha njinga, amayi anandifunsa ndi maso okha.

"Mpingo ubwera, mayi."

"Uti?"

"Mudzaona mawa."

Mumtima ndinkawerengera kuti pa makomo atatu, mwina limodzi lidzatseguka.

Lachisanu m'mawa adzukulu, anthu okumba manda aja, analawirira kumanda. Azibambo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, azimayi ali m'nyumba ndi pakhonde. Cha m'ma eyiti koloko tinamva nyimbo ikuchokera kumtunda. Mtanda patsogolo, azimayi atavala zitenje za mpingo, a Lusiyano pambuyo atanyamula buku ndi kabotolo ka madzi odalitsidwa. Akatolika anabwera! Amayi anasuzumira pakhomo, anandipeza ndi maso pakati pa azibambo, n'kugwedeza mutu kamodzi. Chiyambireni sukulu ya pulayimale amayi anali asanandigwedezerepo mutu choncho. Ndinadzuka n'kuyamba kuyendayenda pabwalopo, kulozera anthu pokhala, ngati ndine mwini maliro.

Chisangalalo changa chinakhala ola limodzi. Cha m'ma naini koloko kunamvekanso nyimbo ina kuchokera kumsewu wa tala. Ndinati mwina ndi Akatolika ena ochedwa. Nditatembenuka ndinaona mizere iwiri ya azimayi, mabulauzi oyera, masiketi akuda, maduku oyera mbee, atanyamula nkhata za maluwa. Pambali pawo a Chikaonda mu jekete, dzuwa lonse lija, Baibulo kukhwapa. Ndinaima kukamwa kuli yasa, mpaka bambo wina anandikoka buluku kuti ndikhale pansi ndikutchinga.

Koma wa kabaza sagonja msanga. Ndinathamangira kukawachingamira, ndinawakhazika mbali ina ya bwalo, n'kuwanong'oneza a Chikaonda kuti, "Akatolikawa angobwera kudzakhuza amayi, ndi anzawo a kumphakati. Mwambo ndi wanu." Kenako ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kukatulukira kwa a Lusiyano. "Awa ndi a mpingo wa malemu akazi awo, angobwera kudzakhuza. Mwambo ndi wanu." Onse awiri anagwedeza mitu mwachifundo, aliyense akuyamikira mnzake chifukwa cha mtima wabwino.

Kwa theka la ola zinayenda. Awa akamaliza nyimbo, awa ankayamba yawo, ndipo nyimbo iliyonse inkakwera kuposa inzake. Anthu pansi pa mango anayamba kunong'onezana kuti a Binwelo anali munthu wa Mulungu mobisa. Ine thukuta linali kamukamu, koma ndinayamba kukhulupirira kuti ndipulumuka. Ndinkaganiza kuti nthawi ya ulaliki ikakwana ndidzapeza chonena.

Kenako ndinamva ng'oma.

Poyamba ndinadziuza kuti ndi mtima wanga. Koma mayi wina pakhonde anatukula mutu, ndipo agalu anayamba kuuwa. Ndinalumphira panjinga, imene ndinali nditathiramo petulo m'mawa, osavala ndi helemeti yomwe. Ndinakumana nawo padambo, gulu lonse, mikanjo yoyera, zingwe m'chiuno, ng'oma zitatu, mneneri patsogolo ndi ndodo yake.

"Pepani, a mneneri, mwambo wasintha! Ukhala mawa. Pali achibale amene sanafike."

"Palibe vuto," anatero mneneri. "Tikagona komweko, tikamuimbire m'bale wathu mpaka mawa." Ng'oma sizinasiye ndi pang'ono pomwe, anthu ankangondidutsa uku ndi uku. Ndisanapeze bodza lina, mneneri anakweza mkanjo n'kukhala kumbuyo kwa njinga yanga. "Mwachita bwino kudzanditenga, mwana wanga. Miyendo yatopa. Tiyeni."

Abale anga, mmenemo ndi mmene ndinalowera pa maliro a amalume anga: pang'onopang'ono, pa giya yoyamba, mneneri wa Ziyoni atandigwira m'chiuno, ndodo yake itaima m'mwamba, ng'oma zitatu zikundilondola. Nyimbo ya azimayi a maduku oyera inadukira pakati. A Lusiyano anavulanso magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. A Ziyoni sanafunse pokhala. Anapanga bwalo lawo pakati penipeni n'kuyamba kuzungulira, fumbi n'kukwera mpaka padenga. Ine ndinatsika panjinga n'kukaima pafupi ndi nkhokwe kumene ndinkaona kuti sindikuoneka kwambiri.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pa mabenchi awiri. Mkulu wa adzukulu, a Matope, anafika kuchokera kumanda, dothi lofiira mpaka m'nsidze. A Matope ndi munthu wosapita kutchalitchi kulikonse, ndipo saopa munthu, poti aliyense amadziwa kuti tsiku lina adzadutsa m'manja mwawo. Anaomba m'manja kawiri.

"Kumanda tamaliza. Dzuwa ili si la masewera. A mpingo, yambani mwambo."

Anthu atatu anaimirira nthawi imodzi.

Atatuwo anayang'anana. A Lusiyano, poti ndi munthu wa ulemu, anamwetulira n'kuyamba.

"Choyamba ndithokoze abale athu a mipingo ina chifukwa chobwera kudzatikhuza pamene tikuperekeza mkhristu wathu, a Benedikito."

"Pepani, akatekisiti," anatero a Chikaonda, nawonso mwaulemu. "Othokoza ndife. Inu ndi amene mwabwera kudzatikhuza. A Binwelo anabwerera kwathu asanatsirizike."

"Munthuyu ndi wa Ziyoni," anatero mneneri. "Anationa m'maloto."

"Anapempha kolona," a Lusiyano anatero, kumwetulira kutachepa. "Anati aikidwe ndi mpingo umene unawabatiza. Amenewo ndi mawu awo omaliza."

"Mawu awo omaliza anali oti uchema utayidwe, ndipo awaimbire azimayi awa!"

Apa bwalo lonse linayamba kusokosera. Ndinamva gogo wina akufunsa mnzake kuti kodi a Binwelo anamwalira kangati. Ine ndinali nditayamba kusendera kumene kunali njinga, phazi limodzi, kenako linzake, maso ali pansi. Ndinatsala ndi mapazi asanu okha pamene a Matope anafunsa funso limene ndinkaliopa chiyambire m'mawa.

"Taimani, akuluakulu. Mawu omalizawa anakuuzani ndani?"

Buku la a Lusiyano, Baibulo la a Chikaonda ndi ndodo ya mneneri, zonse zinatembenuka n'kuloza malo amodzi, ndipo pamalo pamenepo panali ine, dzanja litagwira kale chiwongolero. Mitu yonse ya pabwalopo inatembenuka. Ndinamva kuzizira m'mwezi wa Okutobala.

A Matope anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, ife takumba dzenje limodzi. Ngati muli ndi amalume ena awiri, tiuzeni msanga tikawonjezere dzuwa lisanapendeke."

Ena anaseka, mpaka azimayi anabisa nkhope m'zitenje. Koma kusekako kunazimiririka pamene amayi anadzuka pakati pa azimayi a pakhonde. Anayenda mpaka pafupi ndi bokosi. Ine sanandiyang'ane.

"Pamene mlongo wanga amatsirizika, m'nyumbamo ndinali ndekha," anatero. "Uyu anali ku Mtakataka. Kolona yanga sinachoke m'khosi mwanga. Uchema sunatayidwe, uli pansi pa bedi mpaka pano. Za maloto sindikuzidziwa. Mlongo wanga za mpingo sanatchule. Ndinamutuma ndine mwanayu kuti akapemphe, sindinamutume kuti akaname. Pepani."

Anthu akwathu amati mipingo itatu imeneyi sigwirizana pa chilichonse. Tsiku limenelo inagwirizana pasanathe mphindi ziwiri. A Lusiyano anatseka buku mokwiya.

"Ine dzulo ndawauza bambo mfumu kuti munthu walapa pa bedi la imfa. Ndawanamiza bambo mfumu chifukwa cha inu!"

"Munthu sitingamuike pa bodza," anatero a Chikaonda. "Azimayi, tiyeni."

Mneneri anangotukula ndodo, ng'oma n'kuikidwa pamapewa. Wonyamula mtanda anautsitsa. Ndinaona magulu atatu akudzuka, akukutumula fumbi, akuyamba kulowera njira zitatu zosiyana, bokosi la amalume litatsala pa mabenchi lokhalokha padzuwa. Chinthu chimene amayi ankachiopa chinali chikuchitika pamaso pawo, ndipo tsopano chinali choipa kuposa maliro a a Sande, chifukwa kwa a Sande mpingo sunabwere, pamene kwathu inabwera itatu n'kuchoka anthu akuona.

Ndinagwada pafumbi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, ndichonderere, ndinene chilichonse. Pakamwa paja pamene pamakweza anthu njinga tsiku ndi tsiku panauma gwa. Sipanatuluke ngakhale liwu limodzi.

Amayi anakhala pansi pafupi ndi bokosi, miyendo atatambasula. Anaika dzanja pa bokosilo n'kuyamba kuimba okha, nyimbo ya maliro ija imene aliyense kwathu amaidziwa kaya amapemphera kuti. Mawu anali osasa chifukwa cha kulira kwa dzulo, ankaduka n'kumayambiranso. Sindinamvepo chinthu chomvetsa chisoni chotere, ndipo ndinalakalaka dzenje la a Matope likanakhala langa.

Pa mzere wa maduku oyera, mayi wina wachikulire amene anali kumapeto anaima. Anayang'ana kumbuyo. Kenako anamasula duku lake loyera, analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama, anatenga chitenje wamba n'kudzifunditsa mpaka bulauzi yonse inabisika.

"Mayi Nabanda, tikupita," anatero a Chikaonda.

"Yunifolomu ndi ya mpingo, abambo, ndipo ndaibisa," anayankha mayiyo. "Koma chaka chimene madzi anakokolola mpunga wanga, amene anandipatsa mbewu ndi a Binwelo. Pakamwapa ndi panga."

Anabwerera n'kukhala pansi pafupi ndi amayi, n'kuilandira nyimbo ija. Wachiwiri anamasula duku, kenako wachitatu. Azimayi a Chikatolika anayang'anana, wina anavula chitenje cha mpingo chimene anachimanga pamwamba n'kuchivala chotembenuza, anzake n'kutsatira. A Ziyoni anamasula zingwe za m'chiuno. Sizinatenge nthawi, bokosi linazunguliridwa ndi azimayi oti sungadziwe kuti uyu ndi wa kuti, ndipo nyimbo inakwera mpaka ndinaimva m'mafupa. Ng'oma imodzi inayamba kugunda chapansipansi, ndipo palibe anailetsa.

A Matope sanadikire chilolezo cha munthu. Anakodola anzawo, bokosi linanyamuka. Atsogoleri atatu aja anatsala pansi pa mango, opanda owatsatira, akuyang'ana uku ndi uku. Kenako a Lusiyano analowetsa buku lawo m'thumba n'kuyamba kulondola gulu chapatali. A Chikaonda anavula jekete n'kuwatsatira. Mneneri anabwera pambuyo, ndodo atainyamula chogoneka. Kumanda, bokosi litatsitsidwa, a Matope anafunsa ngati pali munthu woti apemphere. A Lusiyano anatsokomola n'kunena kuti apemphera ngati mnansi chabe, osati ngati katekisiti, ndipo pempherolo linali lalifupi. "Amen" wamkulu kuposa onse anachokera kwa a Chikaonda.

Ine njira yonse ndinayenda kumapeto kwenikweni. Palibe anandikalipira, palibe anandilankhula, ndipo mbali zanga zonse ziwiri kunali malo okwanira ngolo.

Patapita masiku atatu, alendo atabalalika, ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Chichitikireni zija anali asanandilankhule. Ndinakhala pa mtondo wogoneka, ndinadikira, ndipo poti khalidwe silitha tsiku limodzi, ndinayesa mwayi.

"Komatu mayi, nyimbo zinaimbidwa."

Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinazindikira kuti ndibweze mawuwo. Kenako ndinafunsa chimene chinkandivuta mumtima.

"Kodi amalume sananene chilichonse? Pomaliza penipeni?"

"Ananena."

"Anati chiyani?"

Amayi anauzira mankhusu pa lichero. "Anati, 'Mlongo wanga, ndikapita, za maliro anga usadzamutume mwana wako wa njinga uja. Ameneyo akhoza kundigulitsa kawiri.'" Anapetanso pang'ono. "Anakuchepetsa."

Ndinafuna kuseka koma sizinatheke. "Nanga munanditumiranji, mayi?"

Lichero linaima.

"Ndimafuna ndimutsutse."

Mawu amenewo anandilowa kuposa chilichonse chimene chinanenedwa pabwalo paja, ndipo ndinakwera njinga kubwerera ku Mtakataka misozi ikutsika popanda thandizo la mphepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza kuti amayi akadzandituma, ndidzakanena zimene andituma zokhazo, osawonjezera ngakhale liwu limodzi, ndipo akandikana ndidzabwera n'kunena kuti andikana. Ndakonzeka ndithu. Koma papita chaka tsopano, amayi sananditumenso.